Mabawuti Osowa pa Galimoto ya Amalume

Meadowlands, Soweto
8 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Lobi? Bondo lija likukulolani kupita kudimba, kapena mukungolikakamiza monga mwa chizolowezi chanu? Nanga mlongo wanga Glory ali bwanji, ndipo zokonzekera chinkhoswe chake zafika pati? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha Juni chatigwira. Madzi a m'ndowa akumacha atauma pamwamba, zala osatha kugwira sipanala mpaka dzuwa litakwera. Achimwene anu, amalume a Frazer, nawonso ali bwino kupatula maso aja. Ng'ala yakula, moti munthu akumamuzindikira ndi mawu. Mwana wawo Lesedi akupereka moni.

Mudabwa kuti mwana amene amaimba foni Lamulungu lililonse walemba kalata ngati nthawi ya Wenela. Mtima ukhale m'malo. Sindikudwala, sindinamangidwe, ndiponso sindinalakwire mwana wa mwini. Kungoti nkhani iyi pa foni singatheke. Inu mukalandira foni mumakweza mawu mpaka mudzi wonse kumva, kuno amalume amakhala pakhonde makutu ali tcheru. Ndiye kalatayi ndapatsira a Aufi, aja amabwera ndi katundu pa basi, ndipo ndawauza kuti akupatseni m'manja. Muiwerenge muli nokha.

Tsiku limene ndinkanyamuka, zaka ziwiri zapitazo, munandiuza chinthu chimodzi pa siteji, kuti ndikabwere nawo amalume. Munati Glory sangakwatiwe ndi nkhoswe yobwereka mwini mbumba ali moyo. Ine ndinayankha kuti miyezi isanu ndi umodzi ikwana. Ndinkalankhula choncho chifukwa a Frazer ndinali ndisanawaone.

Nditafika ndinapereka uthenga wanu. Iwo sanakane. Ananditengera kuseri kwa nyumba, n'kuvundukula chilona chabuluu, n'kunena kuti tipita ndithu, koma tipita pa iyi.

Amayi, ndi galimoto yomwe ija ya pa chithunzi chili pamwamba pa kabati kwanuko. Yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, yaifupi mwakuti ukakhalamo umakhala ngati wakhala pamphasa. Anawapatsa ndi mzungu amene ankamugwirira ntchito ya m'maluwa atachoka ku mgodi. Mzunguyo ankabwerera kwawo, galimoto inali itafa kale, ndipo amalume anachita kuikoka ndi chingwe mpaka kuno. Pa chithunzipo aimirira atagwira chitseko ngati angotsikamo kumene. Zoona zake n'zakuti m'manja mwawo sinayendepo ngakhale tsiku limodzi. Mawu aja analemba kuseri kwake, akuti abwera pa iyi, agogo anawakhulupirira mpaka kumapeto. Munandiuza nokha kuti galimoto ikalira kumsewu ankatuma munthu kukaona ngati ndi yofiira.

Ine pokhala makaniko wophunzira ku Biwi, ndinadzitama. Injini sinandiopse, ndinaidzutsa m'masabata atatu. Vuto ndinalipeza nditalowa kunsi. Ndinatenga sikuludiraiva kuti ndigogode chesisi, chitsulo chachikulu chimene chimanyamula galimoto yonse, koma inangolowa ngati ndikubaya papaya lakupsa. Dzimbiri linandithothokera kumaso.

Mukudziwa chimene chinaiwoletsa? Ndi chikondi chawo chomwecho. Kwa zaka makumi atatu amalume ankaitsuka Loweruka lililonse ndi payipi yamadzi, n'kuipukuta pamwamba mpaka kunyezimira, kenako n'kuifunditsa chilona kunsi kusanaume, iyo ili padothi. Zimenezi sindinawauze. Ndinangoti zitsulo zakale zimatero, iwo n'kuvomera.

Chaka choyamba chonse chinathera pa chesisi. Mkati mwa sabata ndimagwira ntchito pa galaja ya a Nasibu ku Mayfair, ndiye galimotoyi ndimaigwira Loweruka masana ndi Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Abusa kumeneko musawauze. A Nasibu anandibwereka makina owotcherera. Ndinkadula powola ndi gilayinda mpaka nditafika pa chitsulo chamoyo, n'kujambula chigamba pa katoni, n'kudula chitsulo chatsopano motsatira katoniyo. Powotcherera ndinkapita pang'onopang'ono, apa pang'ono, uko pang'ono, kuti chitsulo chisapindike ndi kutentha. Zigamba zinakwana khumi ndi zinayi.

Nthawi yonseyo amalume ankakhala pa mpando wawo atafulatira malawi, akundisimbira za pansi pa mgodi m'chilankhulo chawo chija chosakaniza Chichewa chakale, Chizulu ndi Chifanakalo. Ndikamaliza chigamba ankadikira kuti chizizire, n'kuchisisita ndi zala, n'kunena kuti mwana wa Agnesi ali ndi dzanja. Masiku amenewo ndinawakonda, ndisaname. Bambo sindinakule nawo, ndipo munthu wamkulu woyamikira ntchito yanga ndinali ndisanakhalepo naye. Mwina n'chifukwa chake pa foni ndinkangokuuzani kuti zikuyenda, osafulumira.

Zinthu zinayamba kusokonekera nditafika kumiyendo yakutsogolo. Kumeneko kuli masipuling'i, mashoko ochepetsa kugwedezeka, ndi timikono tachitsulo togwira matayala, ndipo timalabala tonse ta m'malumikizo tinali titauma n'kusweka. Inu mumandidziwa kuti kunyumba ndimataya ngakhale nsapato, koma pa ntchito ayi. Bawuti lililonse ndikamasula ndimalitsuka ndi palafini n'kuliika m'kachitini ka majalini, a kumanja paokha, a kumanzere paokha, n'kulemba pachivindikiro. Tsiku lomanga ndinapeza kuti m'kachitini ka kumanja mukusowa mabawuti awiri ogwira shoko.

Mwina muganiza kuti bawuti ndi bawuti basi. Galimoto iyi ndi ya ku Mangalande, ya chaka cha 1969, ndipo mabawuti ake ndi a mainchesi. A m'mashopu a kuno ndi a mamilimita, salowa, ukakakamiza umangoononga bowo. Ndinayenda m'masikilapu, mogulitsa zitsulo za magalimoto akutha, masabata asanu ndisanapeze ena. Nditamanga mbali imeneyo, kumanzere kunasowa nati yaikulu yogwira tayala. Anapitanso masabata anayi. Nditayamba mabuleki, kunasowa kapaipi kamene ndinapinda ndekha ndi manja angawa.

Apa ndiulule tchimo langa. Ndinaloza chala Jabu, woyendetsa takisi amene amachita lendi chipinda choyandikana ndi changa. Ndinamunena pamaso pa anthu kuti akugulitsa zinthu zanga kwa ogula zitsulo zakutha. Iye sanandibwezere chipongwe. Anangondifunsa kuti ndi wakuba wotani amene amasiya batire ndi makina owotcherera n'kutenga nati imodzi. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundipatsa moni. Amalume anamva zonse ali pa mpando wawo, koma sananenepo kanthu.

Mwezi wathawu Lesedi anabwera kudzafuna mapepala akale a bambo ake. Paja iye ndi namwino, ndipo wawapezera malo kuchipatala kuti akawachotse ng'ala. Amalume anali atapita ku msonkhano wa abambo kumpingo. Lesedi anandipempha kuti ndimukokere sutikesi yachitsulo imene ili kunsi kwa bedi, yobiriwira, yolembedwa nambala yawo ya ku mgodi. Titaitsegula, pamwamba penipeni panali sokosi yakale yomangidwa pakamwa. M'kati mwake munali mabawuti anga awiri, nati ija, ndi kapaipi.

Ndinakwiya kwambiri, Amayi. Ndinakumbukira mitunda yonse ndinayenda wapansi, ndinakumbukira nkhope ya Jabu. Ndinafuna kukawachingamira kumsewu sokosiyo ili m'manja. Lesedi ndiye anandigwira mkono, n'kundiuza m'Chichewa chake chotsimphina chija kuti ndione kaye zapansi.

Pansi panali bulangete lolemera lamizeremizere, likadali m'pulasitiki yake, atamatapo kapepala kolembedwa kuti "Amayi". Limeneli linali la agogo. Panali nsalu ziwiri ndi duku, pa kapepala pake pali dzina lanu. Panali tinsapato ta mwana wa zaka zinayi, pa kapepala pake pali dzina langa. Ndipo kunsi kwa bulangete kunali envulopu yothetheka m'makona chifukwa chogwiridwagwiridwa, sitampa yake ya kwathu, chaka cha 1999.

Zolemba zanu ndimazidziwa. Ndinawerenga, mundikhululukire. Munalemba kuti agogo mwawaika Lachiwiri, kuti anatsirizika akufunsa za galimoto yofiira, kuti bokosi anakhoma ndi anthu a mpingo chifukwa mwana wamwamuna panalibe. Mzere womaliza munati: "Musavutikenso kubwera. Kuno mlongo mulibe."

Sindikukuweruzani ayi. Munali nokha, ine ndili wamng'ono, maliro onse ali pamutu panu. Ndikanakhala ine ndikanalemba zoposa pamenepo. Koma tsiku limenelo ndinamvetsa chifukwa chake ndikawapatsa foni amangoti ali bwino, kaya inu, n'kundibwezera msanga. Ndinazindikiranso kuti inu simunawauzepo nokha kuti abwere. Mumauza ine, ine n'kuwauza iwo.

Ndinatenga sokosi, zina zonse tinabwezera momwe zinaliri. Kwa amalume sindinanene kanthu. Ndinayamba ndi Jabu. Ndinagula nkhuku yamoyo pa renki ya matakisi, n'kukagwada pakhomo pake monga timachitira kwathu. Munthuyo anaseka mpaka kukhala pansi, akuti kwawo ku KwaZulu mlandu wotere ndi wa mbuzi. Koma nkhukuyo analandira, ndipo tinadyera limodzi.

Loweruka lapitali inatsala ntchito imodzi, yotulutsa mpweya m'mabuleki. Ndikufotokozereni, chifukwa nkhani yonse inachitikira pamenepo. Ukasintha mapaipi, m'kati mumatsala mpweya, ndipo ukaponda buleki chopondera chimangomira, galimoto osaima. Kuti mpweyawo utuluke pamafunika anthu awiri. Wina amakhala pa chiwongolero n'kumapopa ndi phazi, wina amagona kunsi pafupi ndi tayala, n'kumatsegula kabawuti kakang'ono kuti mafuta ndi thovu zitsikire m'botolo. Awiriwa saonana nkhope. Amangomverana mawu, ndipo wina akanama kapena kuchedwa kuyankha, mpweya umabwereranso.

Jabu anadzipereka, koma ine ndinati ndikufuna amalume. Iwo anati maso alibe. Ndinawauza kuti ntchitoyi ndi ya phazi ndi pakamwa, maso safunika. Anavula chipewa, n'kulowa, n'kukhala.

Tinayambira kumbuyo. Ine ndinkati popani, popani, gwirani. Iwo ankati ndagwira. Ndikatsegula, thovu linkatsika m'botolo, iwo n'kunena kuti yamira. Ndikatseka ndinkati siyani. Tayala loyamba linatha, lachiwiri linatha, dzuwa likuwomba bwino, kwa aneba wailesi ikuimba nyimbo za kwaya. Titafika kutsogolo ndinagona chagada, ndikuyang'ana kapaipi kaja kali m'malo mwake, ndipo ndinangonena kuti kapaipi aka ndinakapeza m'sokosi.

Phazi linaima. Kenako anandifunsa ngati ndinaonanso zapansi, ine n'kuvomera.

Analankhula ali momwemo, ine ndili kunsi, pakati pathu pali chitsulo. Anati uthenga wa matenda a agogo unawapeza nthawi yabwino. Koma mapepala awo sanali olongosoka, akanatuluka sakanaloledwa kubwereranso, Lesedi anali wakhanda, ndipo mayi ake, malemu a Connie, ankadwala. Anati zonsezo n'zoona, komabe si zimene zinawagwira mwendo. Chinawagwira ndi manyazi otsika basi pa Lobi ndi sutikesi imodzi, mudzi wonse utaona chithunzi. Anadziuza kuti akonza galimoto m'mwezi umodzi. Mwezi usanathe inafika kalata yanu.

"Agnesi sananame, mfana wami," anatero. "Woyamba kunama ndine, ndi chithunzi chija. Manje galimotoyi ikakhala yakufa, ine ndine munthu wodikira galimoto. Ikadzuka, ndine munthu amene anauzidwa kuti asabwere."

Anati chaka choyamba ankaganiza kuti ndilephera ngati ena onse amene anaigwirapo. Atasisita chigamba chomaliza anaona kuti mwana uyu amalizadi, ndipo mantha anawagwira. Mabawuti a mainchesi ankawazindikira ndi zala. Za Jabu anati zinawadya mumtima, koma pakamwa panawalemera.

Ndinawakumbutsa kuti amene ananditumiza kuno ndinu, ndiponso kuti Glory akudikira malume wake. Yankho lawo ndilemba monga ananenera.

"Iwe anakutuma. Ine anandilembera."

Anati kalatayo saionanso, koma amaidziwa pamtima mzere ndi mzere. Anati moni wa pa foni ndi wa munthu aliyense, ngakhale mdani umamufunsa kuti wadzuka bwanji. Koma dzanja lomwe lija likadzalemba kuti bwerani, adzakwera ngakhale lole ya kabichi. Atatero anandifunsa ngati pamanda a agogo panabzalidwa mtengo, ndiponso ngati mungalole kuwaperekeza kukawaonetsa pamene anagona. Ndinati mtengo ulipo, koma funso linalo si langa kuyankha.

Kenako ndinangoti popani. Anapopa. Thovu linatuluka lambiri, kenako lochepa, kenako mafuta okhaokha. Titamaliza tayala lachinayi anaponda kawiri, n'kunena chapansipansi kuti yalimba. Nditatuluka kunsi ndinawapeza atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, masaya ali onyowa. Ndinanamizira kusonkhanitsa masipanala.

Lamulungu tinaichotsa pa majeki n'kuitsitsa pansi. Anayendetsa ndi Lesedi, amalume ali pambali atavala jekete ndi chipewa chawo cha kutchalitchi. Ine malo ndinalibe, paja mipando ndi iwiri, ndiye ndinakwera takisi ya Jabu, amene ankatsatira pambuyo akuliza hutala ngati ndi ukwati. Anthu anatuluka m'mageti. Ena anabadwa n'kukula akuona chilona chabuluu chija, osadziwa kuti kunsi kwake kuli chinthu choyenda. Pa mphambano Lesedi anaponda buleki, galimoto n'kuima mowongoka, osakokera mbali. Mtima wanga unakhala pansi.

Titabwerera ndinatenga chilona kuti ndiifunditse. Amalume anati ndichipinde, ndichiike kutali. Makiyi anapereka kwa Lesedi, nati galimotoyi ndi yake, ikhala konkuno, msewu wa ku Lobi ungaing'ambe mimba isanafike n'komwe pa sukulu ya kumudzi. Choncho galimoto yofiira sibwera, Amayi. Sidzabweranso. Amene angabwere ndi nkhalamba ya mutu woyera, yosaona bwino, yonyamula sutikesi yachitsulo, pa basi ngati wina aliyense. Kumudzi mumawatcha mtchona, ndipo iwo dzinalo salikana.

Tsopano pempho langa. M'envulopu muno ndaikamo pepala, envulopu ina, ndi cholembera. A Aufi abwerera kuno pa 21. Ndikupempha kuti muwalembere achimwene anu ndi dzanja lanu. Asalembe Glory, ngakhale zolemba zake n'zokongola, ndipo musatumize mawu pa foni. Sindikunena kuti mulembe kuti mwakhululuka ngati mtima sunafike pamenepo. Mukafuna, akalipireni tsamba lonse, kutsogolo ndi kuseri, iwo akudziwa kuti n'zowayenera. Bola pomaliza pakhale mawu akuti abwere.

Ngati simungathe, mundiuze ine mosabisa. Glory apeze nkhoswe ina nthawi ikadalipo, ndipo ine ndisiye kuwapatsa chiyembekezo. Sindidzakudandaulani. Koma ndakhala nawo zaka ziwiri, ndadya nawo, ndawaona akusisita zitsulo ndi zala, ndipo ndikukuuzani kuti munthuyu amakukondani. Nsalu zanu amazitulutsa chaka chilichonse kuziyanika kuti zisadyedwe ndi njenjete, Lesedi ndiye wandiuza. Tinsapato tija ndawapempha, andipatsa. Tachedwa ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, komabe ndi tanga.

Kuchipatala awaitana pa 3 Julaye. Ayamba ndi diso lakumanja, ndipo Lesedi akuti zikayenda bwino adzathanso kuwerenga. Ndikuwadziwa, akadzangochotsa bandeji adzakoka sutikesi ija. Pakali pano m'nyumba muno kalata yochokera kwa inu ilimo imodzi yokha.

Mundiperekere moni kwa Glory, mumuuze kuti alamu anga ndidzawaone kaye ndisanavomereze. Moni kwa azakhali a Maureen ndi onse a pakhomo, ndi amayi a mvano amene mumapemphera nawo. Mulungu akusungeni, alimbitse bondo lanu, ndipo agwire dzanja lanu polemba.

Ndine mwana wanu,
Mose